Liva ndi Liwu Lotalika Ngati Chingwe cha Nangula

Stavanger, 12 Juni 1927

A Torkel, amuna anga,

Lero Lamulungu, 4 koloko masana itangokwana, ndakhala pansi kuti ndikulembereni, mbale nditatsuka, khofi ali pambali. Moni kwa inu, moni kwa Liva mdzukulu wathu, moninso kwa achemwali anu a Malena, ngati moni wanga angaulandire osaununkhiza kaye. Mwendo wanu uli bwanji? Ine ndili bwino. Sitima inandipukusa ngati mkaka wa batala, koma ndinafika wamoyo.

Ndikugona kwa Berta, wamasiye uja wa mano awiri amene timatunga naye nsomba chaka ndi chaka. Kachipinda ndi komwe kaja, koti ukatambasula miyendo wagogoda kwa aneba. Ntchito nayo ndi yomwe ija: tinsomba tikafika padoko, fakitale iliza mluzu, ife tithamanga, titunga tinsombato pa waya kudzera m'maso, kamodzikamodzi, amuna n'kukatiwamba pa utsi tisanalowe m'zitini. Chaka chino nsomba zilipo, ndiye nsapato za Liva ndi nsalu ya diresi zipezeka. Khofi yekha ndiye wakwera mtengo ngati akuchokera kumwamba.

Nkhosa zipite kuphiri sabata ino, koma musakwere nazo ndinu ndi mwendo umenewo, pemphani aneba. Mbatatesi mukwezere. Denga la khola mulisiye, ndidzaliona ndine.

Tsopano nkhani yomwe yandikhazika pansi. Tsiku lonyamuka lija abusa anandiimitsa padoko, inu muli kalikiliki kukangana ndi munthu wa matikiti. Anati, "Mayi Serina, Liva abwerenso ku kalasi. Mutu ali nawo, ndikudziwa. Koma lamulo ndi loti ayankhe ndi pakamwa pake mpingo ukumva. Tsiku la mafunso mu Okutobala ndidzamufunsa funso lomwe lija."

Ndinati, "Abusa, m'buku monse muja mwasowa liwu lalifupi?"

Anaseka. "Ndikamupatsa lina, ili adzaliwopa mpaka kukalamba. Ndakuuzirani lero kuti akhale ndi miyezi yolikonzekera."

Inu mukukumbukira chaka chatha. Mwana waima pamzere wa atsikana pakati pa tchalitchi, abusa amufunsa kuti Mulungu ndi wotani. Wamuyaya, wanena. Wamphamvuyonse, wanena. Wodziwa zonse, movutikira koma wanena. Kufika pa liwu lija lotalika ngati chingwe cha nangula, allestedsnærværende, chibwibwi chamugwira pakhosi. A-a-a, a-a-a, mpaka anyamata kuyamba kutsinana. Anam'bweza chaka chathunthu. Anzake pano akudya Mgonero, avala zazitali, ali pantchito. Iye, wa zaka khumi ndi zisanu, akadali m'kadiresi ka mwana.

Dzulo ndinapita kwa mayi wosoka zovala uja. Akuti malo a wophunzira amusungira Liva mpaka Okutobala, koma mtsikana wosalandiridwa mu mpingo samutenga. Akagwanso, malowo apita kwa wina. Malemu mwana wathu Ragna anatisiyira mwana mmodzi yekhayu, ndipo zomwe ndinamulonjeza pabedi paja akumwalira sikuti mwana wake adzakalambira m'khola la nkhosa.

Ndiye mumuthandize, koma mofatsa. Inu mawu anu ndi oitanira anthu ali kutsidya kwa nyanja.

Ndine mkazi wanu,
Serina


Stavanger, 3 Julayi

A Torkel,

Moni nonse. Mukuti mwendo ukuwawa kukachita mitambo. Pakani mafuta aja, osati kumangowayang'ana ali pashelefu. Ine ndili bwino.

Kalata yanu ndinaiwerenga kawiri kuti nditsimikize kuti munthu wamkulu, wa ndevu zoyera, walembadi zimenezi. Mukuti mukumamuimika mwana kumutu kwa tebulo asanadye, anene liwulo mobwerezabwereza, inu mukukalipa, a Malena akuusa moyo pakona. Ndiye mukudabwa kuti pano ngakhale "zikomo" akumukanika? Ng'ombe yokana mkaka mumaikama ndi chibakera? Lekani zimenezo lero lomwe. Mwana adye kaye.

Imvani zomwe zachitika kuno. Lachinayi ndikutunga nsomba, pakamwa pakungoyenda pokha. Berta akuti, "Iwe Serina, kuyambira m'mawa ukungong'ung'udza. Ukutukwana nsomba kapena ukupempherera mwamuna wina?"

Ndati, "Mmodzi yemweyo wandikwana. Ndikulimbana ndi liwu la Liva."

"Talinena."

Ndalinena. Berta wapukuta manja pa epuloni, akuti, "Limenelo si liwu limodzi, mbuzi iwe. Ndi mawu anayi okhomedwa pamodzi ngati matabwa a bokosi." Watola tinsomba tinayi, watindandalika patebulo. "Aka ndi alle, onse. Aka ndi sted, malo. Aka nær, pafupi. Aka kotalika mchira ndi værende, wokhalapo. Wokhala pafupi m'malo onse. Chovuta n'chiyani?"

A Torkel, taganizani. Kuyambira utsikana wanga ndakhala ndikulimeza liwu limeneli lathunthu ngati mbatatesi yotentha, osadziwa kuti m'kati mwake muli timawu tomwe ndimanena tsiku ndi tsiku pakhomo. Kusukulu komwe ndinangosuzumirako kuja, aphunzitsi ankangoti lowezani, ndodo ili m'manja.

Mtsikana wina wa patebulo pathu akuti, "Wokhala pafupi m'malo onse? Ameneyo ndiye kapitawo wathu!" Tonse kufa nako kuseka. Kutembenuka, kapitawo ali kumbuyo kwathu, manja m'thumba. Akuti, "Azimayi, tinsomba tinayi tagona apoto tidzitunga tokha?" Berta akuti, "Musatisokoneze bwana, tili pa kalasi ya abusa." Ndi kusekako waya wandibaya chala chapakati. Palibe kanthu, n'kabala kakang'ono.

Ndiye mumuuze Liva kuti chilombo chake chija ndi timawu tinayi tobisala m'chikhoto chimodzi. Atinene kamodzikamodzi.

Ndaikamo ndalama, makorona asanu a shuga ndi palafini. A Malena asawaone, angakawaponye m'bokosi la mishoni ife tikudya phala lopanda kanthu. Udzu mwayamba kumweta? Musadikire kuti aneba ayambe ndiye muziti mumafuna kuyamba.

Serina


Stavanger, 24 Julayi

A Torkel,

Moni, moni kwa Liva, ndi kwa a Malena. Ndikhulupirira muli bwino monga kalata yanu ikunenera, ngakhale inu mungalembe kuti muli bwino nyumba ikupsa. Ine ndili choncho. Ndachedwa kulemba chifukwa nsomba zinasowa. Masabata awiri mluzu uli zii, azimayi a mumsewu wathu atangotchera makutu pazenera ngati agalu. Zina za masiku amenewo ndidzakuuzani pamaso. Pano zabwerera.

Mwalemba kuti timawu tinayi tathandiza pang'ono, koma mwana akaima kuti apume, kuyambanso kumamuvuta, ndipo komaliza kaja kakumutalikirabe. Nkhaniyi ndinaitula patebulo pathu, pakuti pano Liva ndi mwana wa tebulo lonse, azimayi amandilonjera ndi dzina lake. Berta akuti, "Nsomba ikakulira chitini timatani? Timadula." Tinapangana kuti pakamwa pakatseguka kamodzi, kansomba kamodzi pa waya. Tamvani: al, le, steds, nær, væ, ren, de. Tinsomba tisanu ndi tiwiri. Mtsikana wa nthabwala uja, amene anafika patali ndi sukulu, akuti aphunzitsi amati maphatikizo. Ndati aziwatchula momwe afunira, bola alowe m'chitini.

Koma nkhondo inabuka pa s ali pakati uja. Berta akuti apite kutsogolo, tizinena sted kenako snær. Ndati, "Snær ndiye chiyani? Ukuyetsemula? S ameneyo ndi msomali wolumikiza matabwa, atsale m'thabwa lomwe anakhomedwa." Akuti, "Iwe dzana lomweli sunkadziwa kuti muli matabwa." Ndati, "Ndipo iwe wa mano awiri s ukumutchula ndi chiyani?" Sitinayankhulane mpaka nthawi ya khofi. Tebulo linagamula kuti ine ndakhoza. Za d wa kumapeto uja, ife pakhomo timamumeza, koma abusa amamutchula ngati anachita kumugula, ndiye Liva amutchule.

Tsopano mvetserani, ichi ndiye chachikulu. Ndinaona kuti dzanja likamayenda, lilime limangotsatira. Kansomba, phatikizo, kansomba, phatikizo, osaima, osathamanga. Tebulo lonse tinali kutunga tikunena liwu la Mulungu pamodzi, mpaka kapitawo anavula chipewa osadziwa chomwe akuvulira. Ndiye ndinakumbuka. Kodi Liva munamumvapo akuchita chibwibwi akukama ng'ombe? Akuimba? Akupalasa boti? Ine ayi. Chimamugwira akaima chilili, manja ali lende, maso a anthu ali pa iye.

Ndiye chitani izi. Madzulo mukapita kukaona ukonde, apalase ndi iyeyo, inu mukhale kumbuyo. Nkhafi ikalowa m'madzi, phatikizo limodzi. Inu musamuthandize, musamumalizire, musamuyang'ane pakamwa. Yang'anani mbalame. Ndikudziwa kuti kukhala chete kudzakuwawani kuposa mwendo, koma pirirani.

Chala chija chatupa pang'ono. Berta wachimanga ndi buledi wonyika mu mkaka, akuti amatero kwawo. Buledi wabwinobwino.

Serina


Stavanger, Lachitatu pa 17 Ogasiti

A Torkel, nkhalamba yanga,

Moni nonse. Ndasangalala kuti udzu walowa wouma. Ine ndilipo.

Kalata yanu ndinaiwerengera tebulo lonse pa nthawi ya khofi, ndipo Berta analira mpaka kumina mu epuloni. Mwana wanena liwu lonse m'boti! Ndipo osati kamodzi! Inu mwailemba nkhaniyi m'munsi mwa nkhani ya nkhosa yothyoka mwendo, ngati n'chinthu chongokumbukira. Mukutinso inu simunachitepo kanthu, mumangogogoda ndodo yanu pansi pa boti chifukwa chosowa chochita. Chabwino, gogodani, bola pakamwa pakhale potseka.

Koma mwafunsa funso la mwano, ngakhale lili ndi nzeru mkati. Mukuti akatsika pamtunda chibwibwi chikubwerera, ndiye kodi tsiku la mafunso tidzanyamule boti kulowa nalo m'tchalitchi, abusa akhale kumbuyo? Ndinakwiya nanu masiku awiri, kenako ndinayamba kuganiza. Pamzere paja mtsikana saloledwa kugwedeza ngakhale phazi. Aima nji, manja onse pa buku la nyimbo, pamwamba pa buku kansalu koyera kopinda bwino. Choyenda palibe. Koma chala chachikulu chimakhala pansi pa kansalu, ndipo pansi pa kansalu palibe amaonapo.

Ndiye mu phukusi lomwe likubwera ndi sitima ya Loweruka mupezamo nsalu yakuda ya diresi, nsapato, ndi kansalu koyera ka m'manja. Nsapatozo ndagula zokulirapo, aikemo ubweya. Nsalu ndinaitsitsa mtengo mpaka mwini sitolo anandifunsa ngati ndikufunanso malaya omwe wavala. Kansaluko mukatembenuze. M'mphepete mwake ndamangamo timfundo tisanu ndi tiwiri ndi ulusi wokhuthala, motalikirana bwino. Chala chachikulu chiziyenda, mfundo imodzi phatikizo limodzi, ngati nkhafi. Ayambe kuyeserera m'khola, kenako pakhomo, kenako pamaso panu, inu mukuyang'ana mbalame. Timfundoto sitinaoneke bwino, ndamanga ndi dzanja lamanzere ndi mano, koma tigwira ntchito.

Chinthu chimodzi: a Malena musawauze. Mukuwadziwa achemwali anu. Anganene kuti tikubera mayeso a Mulungu, akafike nazo kwa abusa tisanatsuke m'kamwa. Iwo asoke diresi, pakuti kusoka amatha, zimenezo sindingawamane. Kansalu asunge Liva.

Kapitawo wandichotsa pa waya, wandiika kopukuta zitini. Akuti n'kwa masiku ochepa. Malipiro ake ndi ocheperapo koma ndi pafupi ndi zenera.

Serina


Stavanger, 11 Seputembala

A Torkel,

Moni kwa nonse. Musadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, tebulo la Berta ndi lopendekeka.

Kakalata ka Liva ndakalandira, kali pansi pa pilo. Akuti wanena liwu lake pamaso pa ng'ombe, pamaso pa inu, ndipo Lachisanu wanena pamaso pa munthu wogula mazira, amene anadabwa kuti walakwa chiyani kuti alalikiridwe. Mwana ameneyu nthabwala anatengera kwa ine. Kwa inu anatengera mapazi.

Ndibwera ndi sitima ya Loweruka pa 1 Okutobala, kuti Lamulungu ndidzakhale pabenchi pathu. Mwanawankhosa wonenepa uja muphe Lachinayi. Makeke aphike a Malena, koma batala mudzawapatse ndinu, chifukwa iwo amayeza batala ngati mankhwala a m'maso. Malaya anu a kutchalitchi muwatulutse awombedwe mphepo. Ndevu mudule, musadzaime pakhomo la tchalitchi ngati mbuzi ya aneba.

Kuntchito sindinapite sabata ino. Ndikupumulako. Berta akulankhula zambiri za madokotala, koma Berta amalankhula zambiri za chilichonse.

Serina


Stavanger, Lachiwiri pa 27 Seputembala

A Torkel,

Moni. Akulemba ndi Berta, ine ndikunena, chifukwa cholembera changa chathyoka. Ndili bwino ndithu.

Loweruka musapite kudoko, sindibwera. Zandigwira kuno, ndipo si zoti mudandaule nazo kapena kukwera sitima. Mukachoka inu, mwana adzaima ndi yani? Mwanawankhosa muphe ndithu, anthu adye.

Izi muwerengere Liva. Iwe Liva, mwana wa mwana wanga. Usadzayang'ane anyamata, usadzayang'ane azimayi a zipewa zazikulu. Yang'ana batani la pachifuwa pa abusa. Chala pa mfundo yoyamba, puma, yamba. Palibe sitima ikukusiya. Mpingo umene uja umadikira ulaliki wa ola lathunthu, ungalephere kudikira tinsomba tisanu ndi tiwiri? Ine Lamulungu belu la kuno likadzalira ndidzakhala ndikunena nawe, ndipo tebulo lathu lonse lalonjeza zomwezo, ngakhale aja osapita kutchalitchi.

Berta akufuna awonjezere mawu ake m'munsimu. Ndamuletsa, ndipo ndiwerenga ndisanamate.

Serina


Ku chipatala, Stavanger, Lachinayi pa 6 Okutobala

A Torkel,

Moni, bambo wa mawu ochepa. Mwendo uli bwanji, ndi ndodo ili bwanji? Akulemba kalatayi ndi achemwali anu a Malena, amene afika ndi sitima ya m'mawa atanyamula mazira, keke ndi nkhope ya maliro. Anapita kwa Berta, Berta n'kuwalozera kuno. Ndawauza kuti alembe chilichonse momwe ndanenera, ngakhale pomwe pakunena za iwo, ndipo avomera.

Kakalata kanu andipatsa. Ndikawerenge: "Zinayenda bwino. Nkhosa zatsika kuphiri." Basi? Miyezi yonseyi ine ndikutunga liwu limodzi, inu n'kundiyankha ndi nkhosa? Mumayesa sindimva? Ndamva zonse, ndipo ndikubwezerani kuti mudziwe kuti ndikudziwa.

Loweruka a Malena akusita zovala za mwana, apeza kansalu m'thumba la diresi. Akutembenuza, aona timfundo tisanu ndi tiwiri tomangidwa mokhotakhota, mobisa. Akuti mtima unawagwa. "Alamu," akundiuza, "ine ndinakumbuka zija ankanena amayi, za anthu a kumpoto omanga mphepo m'mfundo n'kumagulitsa kwa asodzi. Ndinati Serina wapita kwa wamatsenga wa m'tauni, ndipo mwana akalowa nazo m'nyumba ya Mulungu." Ndiye anatenga singano, anamasula kamodzikamodzi, ulusi anaponya pamoto, kansalu anakasita mpaka kuwala, n'kukapinda bwinobwino pa buku la nyimbo. Osauza munthu.

Ndati, "Alamu, mukanafunsa."

Akuti, "Alamu, mukanandiuza."

Pamenepo ndinakhala chete. Lembani, alamu, kuti ndinakhala chete, chifukwa sizichitika kawirikawiri.

Ndiye Lamulungu mwana waima pamzere, diresi lakuda, nsapato zazikulu. Abusa afika pa iye. Mulungu ndi wotani? Wamuyaya. Wamphamvuyonse. Wodziwa zonse. Chala chalowa pansi pa kansalu. Chafufuza uku, chafufuza uko, m'mphepete muli see. A Malena akuti anaona nkhope ya mwana ikuyera ngati kansalu komweko, ndipo ndi pomwe anazindikira chomwe anamasula. Pakamwa pa mwana patseguka, a, a. Mnyamata wina wayamba kale kugwira pakamwa.

Kenako kumbali ya amuna kwamveka, gu!

Ndodo pa thabwa. M'tchalitchi! Inu a Torkel, amene munati za mfundo ndi masewera a azimayi a m'fakitale. Inu amene simutsokomola n'komwe abusa akamayankhula. Akuti munakhala chowongoka, ndevu zodula, maso ali pazenera ngati mukuyang'ana mbalame, ndodo ikungotsika yokha monga m'boti muja. Gu, mwana akuti al. Gu, le. Gu, steds. Woyang'anira tchalitchi wadzuka kuti akuletseni, abusa angokweza chala, wakhalanso pansi. Gu, nær. Akuti pofika apa asodzi okalamba a kumbuyo anali akuweramira kutsogolo ndi kubwerera, onse pamodzi, ngati akupalasa. Væ. Ren. Ndipo de womaliza anamutchula momveka mpaka kukhomo, kuposa abusa eni ake.

Kenako akuti abusa anafunsa, "Ndipo tanthauzo lake n'chiyani, Liva?" Funso limenelo silinali m'pangano. Mwana akuti, "Wokhala pafupi m'malo onse." Osakodwa ngakhale pamodzi, ndodo ili phee. Berta ndikamuuza zimenezi adzafuna kuti azitchedwa mphunzitsi.

Ndamvanso kuti pakhomo abusa anakugwirani dzanja n'kunena kuti ndodo yanu nayo yakhoza, koma chaka chamawa isadzabwerenso ku mafunso. Ndipo inu munayankha kuti mwendo ndi umene unkanjenjemera. Bodza pakhomo la tchalitchi, a Torkel, pa msinkhu wanuwo.

Tsopano zanga, poti a Malena aziona kale ndipo sangazisunge. Cholembera sichinathyoke. Chala chija chinawola, ululu unayamba kukwera m'dzanja, ndipo tsiku lomwe Berta analemba kalata ija madzulo ake anandibweretsa kuno. Achidula. Chapakati, dzanja lamanja. Dokotala akuti ndikanachedwa sabata ina likanapita dzanja lonse, ndipo anandikalipira ngati mwana. Ndinamusiya akalipe, ndi wamng'ono, ayenera kuphunzira. Musachite nkhope. Zatsala zisanu ndi zinayi, zokwana kunena liwu la Liva n'kutsalako ziwiri zokuloza inu. Lamulungu lija belu likulira ndinalinena liwulo ndili chigonere, mpaka mayi wa bedi loyandikana nalo anaitana namwino kuti ndayamba kubwebweta.

Kwa mayi wosoka a Malena apitako masana ano kukanena kuti mtsikana akubwera. Adzipereka okha, ndipo akuti nsalu ya diresi lake logwirira ntchito agula ndi ndalama yawo. Lembani ndithu alamu, musachite manyazi, zabwino zanunso zilembedwe. Liva abwere ndi sitima ya Loweruka la sabata yamawa, adzagona kwa Berta, ine ndikatuluka tidzapanikizana momwemo mpaka nsomba zitatha. Kutunga mwina sindidzatunganso, koma zitini zopukuta sizidzatha m'tauni muno. Denga la khola lija mulisiyebe.

Mukatha kuwerenga, kalatayi musaiike m'Baibulo monga mumachitira. Mupatseni Liva, awerengere nyumba yonse mokweza, kuyambira pa moni mpaka pa dzina langa, ngakhale zitenge mpaka khofi kuzizira. Wina asamumalizire liwu. Ndodo ikhale pafupi, koma musagogode pokhapokha iye atakuyang'anani. Akamaliza, aipititse kwa abusa, aone kuti liwu lawo lija latidyera chala, koma talitha.

Ndine mkazi wanu,
Serina